Ndikufuna kuyamba kugona m'tenti poyenda pa njinga yamoto, ndigule chiyani choyamba?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndili ndi njinga yamoto ya 300cc ndipo ndakhala ndikuyendetsa kwa zaka ziwiri. Ndikufuna kuyamba maulendo ataliatali, usiku ndizigona m'tenti m'malo mochita lendi chipinda. M'tenti sindinagonemo chibadwire. Zinthu zimene anthu amati ndigule ndi zambiri moti mutu waima. Ndiyambire pati?"

Musanagule kanthu kalikonse, pezani kabuku kamene kanabwera ndi njingayo, muone kulemera kwa katundu amene ikuloledwa kusenza. Pa njinga za msinkhu wa yanuyo nambalayi kawirikawiri imakhala pakati pa makilogalamu 150 ndi 200, ndipo katundu woyamba kuwerengedwa ndinu amene. Tinene kuti malire ndi 160, inu mumalemera 80, ndipo helemeti, jekete, nsapato ndi magolovesi zikukwana 8. Mwatsala ndi 72. Musaikondwerere msanga nambalayi, chifukwa njinga imayamba kusamvera bwino katundu akadali kutali ndi malirewo. Munthu mmodzi wokagona m'tenti amakwanira ndi makilogalamu 15 mpaka 20, kuphatikizapo madzi ndi zipangizo zokonzera njinga. Mukapitirira 25, ndiye kuti mwanyamula zinthu zimene zidzangopita ndi kubwerako osazikhudza.

Pali nambala inanso yaing'ono imene ambiri saiona, ya kaliyala wa kumbuyo. Makaliyala ambiri amalembedwa makilogalamu 5 kapena 10 basi. Kaliyala amakhala pamwamba pa tayala lakumbuyo, chakumapeto kwa njinga, ndipo chilichonse cholemera chimene mwaika pamenepo chimapepukitsa tayala lakutsogolo. Zikatero mahandulo amayamba kunjenjemera mukathamanga, njinga imakana kukhota, ndipo pamsewu wamabampu chitsulo chimene chimanyamula mpando chimatha kung'aluka pamawotcherero. N'chifukwa chake pogula chinthu chilichonse muzifunsa zinthu zitatu: chikulemera bwanji, chikapindidwa chikutalika bwanji, nanga chidzakhala pati panjingapo. Dzina la kampani libwere pambuyo.

Tsopano za ndalama. Ngati simungagule zonse nthawi imodzi, yambani ndi zogonera, kenako tenti, zophikira pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wagona mozizidwa amadzuka wotopa, ndiye m'mawa mwake akukwera njinga. Kusinza pa njinga yamoto sikukhululuka.

Pa zogonera, anthu amathamangira thumba logonamo n'kuiwala kamatiresi, pamene kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Mukagona, thupi limapsinja mbali ya thumba imene ili pansi panu, mpweya umene umasunga kutentha n'kutulukamo, ndipo nthaka imakuyamwani kutentha usiku wonse. Chimene chimatchinga ndi kamatiresi. Mphamvu yake imalembedwa ndi nambala yotchedwa R-value, ndipo makampani akuluakulu amaiyeza potsatira muyezo wa ASTM F3340, choncho mutha kuyerekezera wina ndi mnzake. Nambala 2 imakwanira usiku wotentha, 3 ndi yabwino nyengo zambiri, ndipo ngati madzi angaume usikuwo mufunika 4 kapena kuposa. Manambalawa amaphatikizana: kamatiresi kasiponji ka 2 mukakayala pansi pa kopopa ka 2.5, mwapeza 4.5. Kopopa kamagoneka bwino ndipo kakapindidwa kamakhala ngati botolo la lita imodzi, koma kamabooka ndi munga, ndiye musasiye zigamba zake. Kasiponji sikabooka, vuto lake kamakula, ndipo kakamangidwa chopingasa kumbuyo kamagwira mphepo.

Thumba logonamo labwino limalembedwa manambala atatu a muyezo wa ISO 23537, umene kale unkatchedwa EN 13537: comfort, limit ndi extreme. Onsewo ndi madigiri a kuzizira. Inu yang'anani ya comfort, imene imasonyeza kuzizira kumene munthu amagonamo bwino osazizidwa. Ya limit ndi ya munthu amene wagona chodzipinda akulimbana ndi kuzizira, ndipo ya extreme imangotanthauza kuti mwina mupulumuka koma tulo simutiona. Ogulitsa ena amalemba nambala ya extreme ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa imaoneka yochititsa chidwi. Fufuzani kuti kumene mukupita kumazizira kufika madigiri angati usiku, ndiye mugule thumba limene comfort yake ndi yotsika ndi madigiri atatu kapena asanu kuposa pamenepo. Kumbukiraninso kuti kumapiri kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera.

Za m'kati mwa thumbamo, pali nthenga za tsekwe kapena bakha, komanso ulusi wopangidwa ku fakitale. La nthenga limapepuka ndipo limafinyika kukhala laling'ono, zomwe ndi zofunika panjinga, koma likanyowa silifunditsa ndipo limachedwa kuuma. La ulusi ndi lotsika mtengo, limapirira chinyontho, koma limadya malo pafupifupi kawiri. Kwa woyamba amene akupita kosazizira kwambiri, la ulusi ndi lokwanira. Lililonse mwa awiriwa liziyenda m'kathumba kakekake kosalowa madzi, ngakhale chikwama chachikulu chitalembedwa kuti sichilowa madzi.

Tenti gulani ya anthu awiri ngakhale muli nokha. Woyenda pansi amakwana mu ya munthu mmodzi, koma inu muli ndi helemeti, jekete lokhala ndi zotetezera, nsapato zazitali ndi zikwama, ndipo zonsezi zikufuna denga. Ikhale ya nsalu ziwiri, yam'kati yopuma mpweya ndi yakunja yotchinga mvula. Munthu akagona amatulutsa nthunzi popuma, nthunziyo imasanduka madzi pa nsalu yozizira, ndipo mu tenti ya nsalu imodzi madziwo amakudontherani pankhope m'bandakucha. Pa chifukwa chomwechi, musatseke tiziboo tolowetsa mpweya ta pamwamba ngakhale kukuzizira. Ikhalenso ndi kakhonde kapanja kokwana nsapato ndi zovala zonyowa. Ndipo ngati n'kotheka ikhale yoima yokha popanda zikhomo, chifukwa tsiku lina mudzafika pa thanthwe kapena pa nthaka youma gwa, pomwe chikhomo chimangopindika.

Kusalowa madzi kwa nsalu kumalembedwa m'mamilimita, ndipo nambala ikakula ndiye kuti nsaluyo imatchinga madzi kwambiri. Nsalu yakunja ikhale 2,000 kapena 3,000, yapansi 3,000 mpaka 5,000 chifukwa maondo ndi zigongono zimakankhira madzi kudzera m'nsalu. Onani m'misoko ngati mwamatidwa tepi, popeza tenti zotchipa zambiri zimadontha pamsoko osati pansalu. Mizati ikhale ya aluminiyamu. Ya fiberglass, yomwe ndi pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi, imalemera ndipo ikathyoka imawaluka n'kung'amba nsalu, pamene ya aluminiyamu imangopindika ndipo imakonzeka ndi kachubu kachitsulo kovekapo. Chimene ogula panjinga amaiwala ndi kutalika kwa mizatiyo ikapindidwa. Yambiri imakhala masentimita 45 mpaka 60, ndipo siikwana m'zikwama za m'mbali. Yezani chikwama chanu musanalipire. Apo ayi, ichotseni mizatiyo m'thumba la tenti, muimange payokha, nsalu ija muifinyire m'chikwama. Tenti ya makilogalamu awiri mpaka atatu ili bwino. Zopepuka kwambiri za okwera mapiri n'zodula komanso zosalimba, ndipo kwa munthu amene injini ikumunyamulira, theka la kilogalamu silikuyenera ndalama zonsezo.

Ngati muyala nsalu ina pansi pa tenti poteteza kuminga, ichepe ndi masentimita asanu mbali zonse. Ikatulukira kunja imatunga mvula n'kuilowetsa pansi panu.

Zophikira sizifuna nkhani yaitali. Kasitovu ka gasi kopotera pa kachitini, poto mmodzi wa lita imodzi, supuni, kapu ndi zoyatsira moto ziwiri zosungidwa malo osiyana. Tizitini ta gasi tokhala ndi mazinga timapezeka ta magalamu 100, 230 ndi 450, ndipo ka 230 kamakwanira munthu mmodzi pafupifupi mlungu ngati akungowiritsa madzi m'mawa ndi madzulo. Samalani pogula: tizitini tina ta kampani ya Campingaz tilibe mazinga, ndiye sitovu yopotera siigwirapo. Gasi wa butane amasiya kutuluka bwino kukazizira kufika pafupi ndi madigiri 0, choncho kozizira sankhani wosakaniza isobutane ndi propane. Pali masitovu ena, monga MSR WhisperLite International, amene amayaka ndi petulo yemweyo wa m'thanki. N'ngothandiza kumadera kumene gasi sapezeka, koma amachita mwaye ndipo amafuna kutsukidwa kawirikawiri, kotero musayambire pamenepo. Malamulo awiri osakambirana: kachitini ka gasi kasayandikire ekizosi, ndipo musaphikire m'tenti yotseka. Moto ukamayaka mopanda mpweya wokwanira umatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo.

Madzi ndi amene amalemera mosayembekezeka, lita imodzi kilogalamu imodzi. Muwerengere malita atatu kapena anayi patsiku akumwa ndi kuphikira, koma musayende nawo onsewo tsiku lonse. Nyamulani lita imodzi ndi theka ya panjira, ndi thumba lamadzi lopindika limene mudzadzaze pamalo omaliza musanafike pogona. Madzi okayikitsa awire bwatabwata kwa mphindi imodzi, kapena mphindi zitatu ngati muli pamwamba kuposa mamita 2,000.

Tibwere ku zikwama, pamene anthu amakangana kwambiri. Mabokosi a aluminiyamu kapena apulasitiki amakhomeka ndi loko ndipo n'ngosavuta kutsegula, koma pamodzi ndi zitsulo zake amatha kulemera makilogalamu 10 kapena kuposa asanaikidwe kanthu, ndipo pamsewu wamchenga mukatsitsa phazi bokosi limatha kukupanani mwendo. Pa njinga ya 300cc ine ndingasankhe zikwama zofewa: ziwiri za m'mbali za malita 15 mpaka 20 chilichonse, ndi chimodzi chosalowa madzi cha malita 30 kapena 40 chogoneka pampando wa wokwera kumbuyo. Zikwama zotseka mokulunga zimatchinga madzi pokhapokha mutakulunga kukamwa kwake katatu, ndiye musazidzaze mpaka pakamwa. Mbali ya ekizosi ikani kachitsulo kotchinga moto, ndipo muone mpata wake mutakhala panjinga ndi katundu yense, chifukwa njinga ikatsika chikwama chimene chimaoneka kutali chimagunda paipi. Chikwama chosungunuka ndi vuto laling'ono, nthawi zina zovala za m'katimo zimagwira moto muli pa liwiro. Zikwamazo zisatambalale kuposa mahandulo, kuti pamene kutsogolo kwadutsa kumbuyonso kudutse.

Polongedza, zolemera zikhale pansi, kutsogolo kwa chikwama, pafupi ndi miyendo yanu: masipanala, madzi, zophikira. Zopepuka monga thumba logonamo ndi zovala zikhale pamwamba ndi kumbuyo. Mbali ziwirizo zisasiyane ndi makilogalamu oposa limodzi kapena awiri, ndipo sikelo yam'manja imathetsa mkangano umenewu msanga. Zovala za mvula ndi kabokosi ka chithandizo choyamba zikhale poti muzitulutsa osamasula china chilichonse. Chikwama cholemera cha kumsana chisiyeni, chimatopetsa mapewa ndipo mukagwa chimapotokola msana.

Pomangira musadalire zingwe zamphira zokhala ndi ngowe. Zimatambasuka pa bampu, katundu n'kusuntha, ndipo ngowe ikapulumuka imalunjika kumaso. Gwiritsani ntchito malamba ansalu okhala ndi chomangira, kapena amtundu wa ROK Straps amene ali ndi kachigawo kamphira kamene kamasunga lamba ali wokoka katundu akamafinyika. Malamba awiri pa chikwama chilichonse, omangidwa ku felemu osati ku pulasitiki kapena ku ma indiketa. Nsonga zotsala zikulungidwe n'kumangidwa, chifukwa lamba wolendewera akalowa mu tcheni kapena m'masipoko tayala lakumbuyo limaima nthawi yomweyo. Mukamaliza gwirani chikwama n'kuchigwedeza mwamphamvu. Ngati chikugwedezeka chokha njinga ili chiimire, manganinso. Imani pakatha makilomita 15 kapena 20 oyamba mukokenso malamba onse, chifukwa nsalu zimakhala zafinyika.

Njinga nayo iyenera kukonzekera katunduyo. Mukaika makilogalamu 20 kumbuyo, kumbuyoko kumatsika, kutsogolo n'kudzuka, nyali n'kumawalira m'maso mwa obwera kutsogolo. Limbitsani sipuling'i ya shock absorber yakumbuyo ndi sipanala yake yokhota, imene nthawi zambiri imabwera ndi njinga. Muyezo wake ndi uwu: yezani kuchokera pa nati ya tayala lakumbuyo kufika pamalo amodzi a pansi pa mpando tayala lili m'mwamba, kenako muyezenso inu mutakhalapo ndi katundu yense, mnzanu akugwirirani njinga. Kusiyana kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayalalo limatha kukwera ndi kutsika. Ngati mtundawo ndi mamilimita 130, njinga itsike pafupifupi 40. Mpweya wa m'matayala uikeni pa nambala ya katundu wolemera imene ili m'kabuku kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo muziyeza matayala asanatenthe. Onaninso kulendewera kwa tcheni, popeza njinga ikatsika tcheni chimakokeka, ndipo chokoka kwambiri chimadya masiproketi ndi mabering'i. Mukatero pitani pamalo opanda magalimoto muyese kuima mwadzidzidzi kangapo ndi kukhota pang'onopang'ono, kuti manja azolowere kulemera kwatsopanoko.

Pa zipangizo zokonzera, tengani masipanala okhawo amene akugwira manati a njinga yanu, osati seti yonse. Dziwani ngati matayala anu ali ndi machubu. Opanda chubu amafuna timiphira totsekera bowo ndi pampu yaing'ono. Okhala ndi chubu amafuna zitsulo zotsegulira tayala, chubu chapadera, zigamba, ndi luso lochotsa tayala limene muyenera kuliyeserera kunyumba, osati kuliphunzira kutchire dzuwa likulowa. Onjezani mafuta a tcheni, mafyuzi, tepi yolimba ndi ma cable tie (timalamba tapulasitiki tomangira) khumi. Za magetsi, tochi yovala pamutu ndi power bank ya 10,000 mAh zikwanira. Power bank muziitchaja njinga ikuyenda. Batire la njinga ndi laling'ono, kawirikawiri 6 mpaka 12 Ah (muyezo wa magetsi amene batire limasunga), ndipo soketi ya USB yolumikizidwa molunjika ku batire imalitha pang'onopang'ono ngakhale injini itazimitsidwa. Ilumikizidwe podutsa pa fyuzi, ku waya amene amakhala ndi magetsi kiyi akatsegulidwa basi.

Zovala: zimene mwavala panjinga, ndi seti imodzi youma yogonera imene siivalidwa masana ngakhale zitavuta bwanji. Thonje likanyowa ndi thukuta limachedwa kuuma ndipo limazizira, ubweya ndi nsalu za polyester zimachita bwino. Nsapato zopepuka za pamsasa zimapumitsa mapazi. M'mawa muzikutumula nsapato zanu musanavale, zinkhanira ndi akangaude amakonda mmenemo.

Pofika pamalo ogona, fikani kudakali maola awiri kuti kude. Funsani ngati pamalopo n'pololedwa, chifukwa malamulo a kugona kutchire amasiyana dziko ndi dziko, ndipo malo ambiri ali ndi eni ake. Musamange tenti m'chigwa kapena mumtsinje wouma, mvula yogwa kutali imatha kufika ngati chigumula usiku. Yang'anani kumwamba ngati kuli nthambi zouma. Khalani mamita pafupifupi 60 kuchokera pamadzi, kumeneko udzudzu ndi mame zimachepa ndipo simuipitsa madziwo. Njinga ikhale mu giya yoyamba, yoloza kumtunda ngati pali potsetsereka. Pansi pa sitandi ikani kathabwa kapena kachitsulo kotambalala masentimita 8 kapena 10, chifukwa nthaka ikanyowa usiku sitandi imamira pang'onopang'ono mpaka njinga kugwa. Choncho iimikeni motsamira kumbali yosiyana ndi tenti, patali kuposa kutalika kwa njingayo. Anthu ena amamangirira chingwe cha tenti ku njinga pofuna kusunga zikhomo. Mphepo ikakoka, njinga ya makilogalamu 170 imagwera pa munthu wogona.

Ulendo woyamba ukhale wa usiku umodzi, pamalo olipira okhala ndi madzi ndi chimbudzi, pamtunda wosapitirira maola awiri kuchokera kwanu. Musanapite, imikani tenti pabwalo kawiri, kachiwiriko kuli mdima, ndipo muiwaze madzi muone ngati ikudontha. Ngati mungabwereke tenti ndi sitovu kwa mnzanu pa ulendo umenewu, bwerekani, mudzagula mukudziwa chimene chikukuvutani. Uzani wina kumene mwapita ndi tsiku lobwerera.

Mukabwerako, khuthulani zonse pansi muzigawe: zimene mwagwiritsa ntchito, ndi zimene simunazikhudze. Za gulu lachiwirizi zitsale ulendo wotsatira, kupatula zovala za mvula, zokonzera matayala ndi chithandizo choyamba. Tenti muiyanike tsiku lomwelo mpaka iume mbali zonse, chifukwa ikasungidwa yonyowa imachita nkhungu pamasiku ochepa ndipo mankhwala otchinga madzi amayamba kumatuka. Thumba logonamo lichotseni m'kathumba kake kofinyira, mulisunge lomasuka m'thumba lalikulu la nsalu kapena mulipachike, apo ayi chaka chamawa lidzakhala lophwatalala ndipo nambala ya comfort ija siidzagwiranso ntchito.